Nyumba ya zisudzo imene inamangidwa ndi ndalama za mphira

MANAUS ndi mzinda wa ku Brazil, dziko limene anthu ake amalankhula Chipwitikizi monga kuno kwathu. Mzindawu uli pakati pa nkhalango ya Amazonia, pafupifupi makilomita 1,500 kuchokera kunyanja ya mchere. Kumeneko kuli nyumba yotchuka yotchedwa Teatro Amazonas. Ndi nyumba ya opera, ndiye kuti zisudzo zimene ochita ake amaimba nkhani yonse m'malo molankhula, oimba ndi zipangizo akuwathandizira.

Ntchito yomanga inayamba mu 1884 koma inaima zaka zingapo, mpaka bwanamkubwa Eduardo Ribeiro anaipitiriza. Nyumbayi inatsegulidwa pa 31 Disembala 1896, ndipo pa 7 Januwale 1897 gulu la ku Italy linaimbamo opera yotchedwa La Gioconda.

Pafupifupi chilichonse chinabwera pa sitima za pamadzi. Miyala yosalala ya mabo inachokera ku Carrara ku Italy, zitsulo ku Glasgow, mipando ndi nsalu ku Paris. Pamwamba pali denga lozungulira ngati mphika wovundikira, lokutidwa ndi matailosi 36,000 obiriwira, achikasu ndi abuluu monga mbendera ya Brazil. M'kati muli mipando 701. Chinsalu chotchinga kutsogolo anachijambula Crispim do Amaral, ndipo chimaonetsa pamene mtsinje wa Negro, wa madzi akuda, umakumana ndi wa Solimões, wa madzi a matope. Akuti ngakhale msewu wa pakhomo anausakaniza ndi mphira kuti ngolo za akavalo zisasokoneze nyimbo.

Nanga ndalama zonsezi zinachokera kuti m'nkhalango? Zinachokera ku mtengo wa mphira. Nthawi imeneyo mafakitale a ku Ulaya ndi ku America ankafuna mphira wambiri wa matayala a njinga, kenaka a galimoto, ndipo wabwino ankapezeka ku Amazonia.

Otema mitengoyo, otchedwa seringueiros, ambiri anali alimi a ku Ceará othawa chilala cha 1877, ena anali eni nkhalango ogwira mokakamizidwa. Munthu ankadzuka kusanache, n'kutema khungwa la mtengo uliwonse, kutchera kachitini, kubwereranso kukatolera utomoni ndi kuuumitsa pa utsi mpaka ukhale chibuluma chachikulu. Ulendo wake, mpeni, ufa ndi mchere, zonse ankatenga pangongole kusitolo ya bwana. Mtengo wa katunduyo ankaika ndi bwana, mtengo wa mphira ankaikanso bwana yemweyo. Ngongole sinkatha, ndipo wokhala ndi ngongole sankaloledwa kuchoka. Akuluakulu amene anaona chibalo ndi thonje la mokakamiza m'maboma athu ano safunika kuwafotokozera zambiri. Mipando 701 ija sinali ya anthu amenewa.

Chodabwitsa n'chakuti chuma chimenechi chinali chitabooka kale maziko a nyumbayi asanakumbidwe. Mu 1876 Mngelezi wina, Henry Wickham, anatenga njere za mphira pafupifupi 70,000 kupita nazo ku Kew, ku London. Mbande zake zinakadzalidwa ku Ceylon ndi ku Malaya m'minda ya mizeremizere, mmene munthu mmodzi amatema mitengo yambiri osayenda mtunda. Pofika cha m'ma 1912 mphira wa ku Asia unagwetsa mtengo. Mabwana anachoka ku Manaus, oimba a ku Ulaya analeka kubwera, ndipo kwa zaka zambiri opera sinamvekenso m'nyumbamo.

Boma la Brazil linaika nyumbayi m'gulu la chuma cha dziko mu 1966. Inakonzedwa mu 1974, n'kukonzedwanso mpaka kutsegulidwa mu 1990. Mu 1997 kunakhazikitsidwa gulu la oimba la mzindawu, Amazonas Filarmônica, ndipo chaka chomwecho kunayamba chikondwerero cha Festival Amazonas de Ópera. Kuyambira pamenepo, pakati pa oimba ndi ovina pansanja ija pamapezekanso ana obadwira ku Amazonia komweko.