Uthenga wa Maliro ndi Foni Zathu

Lero tikambirane za magulu a pa WhatsApp amene ambirife tilimo: la banja, la mpingo, la amayi a Mothers' Union, la anzathu akale a kusukulu. Nkhani yathu ndi ya mmene timalengezera maliro m'magulu amenewa.

Kumudzi, kaya ku Katete kaya ku Chadiza, munthu akamwalira uthenga sunkangomwazika. Akuluakulu ankayamba akhala pansi, n'kudziwitsa amfumu, kenako n'kutuma anthu okhwima kwa mayi wa womwalirayo, kwa mkazi wake, kwa amalume. Wotumidwayo ankafika, kukhala pansi, kulonjeredwa, n'kuyamba kufotokoza pang'onopang'ono. Pafupi pankakhala wina woti amugwire woferedwayo miyendo ikafooka.

Masiku ano munthu akangotsirizika m'chipatala, wina watulutsa kale foni. Chithunzi cha malemu chalowa pagulu, zilembo za MHSRIP zili pansi pake. Taganizirani mayi amene ali m'basi pa Great East Road, akuchokera m'tauni ndi phala la wodwala m'chikwama, n'kutsegula foni pakati pa anthu osawadziwa. Wamugwira ndani?

Pa 2 Samueli 18 pali anthu awiri amene anathamanga ndi uthenga Abisalomu ataphedwa. Yowabu analetsa Ahimaazi, mwana wa Zadoki, podziwa kuti wafayo ndi mwana wa mfumu, ndipo anatuma Mkusi. Ahimaazi anakakamira, nadzera njira ya kuchigwa, nafika poyamba. Koma Davide atafunsa za mwana wake, Ahimaazi sanayankhe zomveka, ndipo anauzidwa kuti aime pambali mpaka Mkusi atafika. Ife amene tinagwira choko zaka zambiri tikumudziwa mwana ameneyu: amakweza dzanja mphunzitsi asanamalize funso.

Foni ndiyo njira yathu ya kuchigwa. Gulu limodzi la WhatsApp likhoza kukhala ndi anthu opitirira 1,000, ndipo uthenga umodzi umatumizika kumagulu asanu nthawi imodzi. N'zoona kuti pali batani lofufutira uthenga kwa onse, koma amene wawerenga wawerenga, ndipo wina waujambula kale n'kuutumiza kwa mbale amene ali ku Kitwe kapena ku Johannesburg. Dziko lathu lili ndi malamulo a za pa intaneti, koma khoti silingabweze mphindi imene mayi uja anatsegula foni.

Choncho tisanalembe, tiimbire mmodzi wa abanja n'kufunsa ngati onse oyenera kumva amva. Ngati sanamve, tidikire, ngakhale zala zikuyabwa. Wolengeza akhale amene banja lamusankha, kapena mlembi wa mpingo atauzidwa ndi abanja. Zithunzi za pangozi, za wodwala ali pabedi, za m'bokosi, zimenezo si zathu ayi. Funso lakuti “anadwala chiyani?” nalonso si lapagulu, kunyumba ya maliro sitifuula nalo, nanga pafoni tilembe bwanji anthu mazana akuwerenga?

Palinso nkhani ya chipepeso. Taona mndandanda ukuikidwa pagulu m'mawa uliwonse: wakuti K500, wakuti K20, ndi maina a amene sanapereke. Msungichuma amafuna kuti ndalama ziwonekere poyera, ndipo cholinga chimenecho n'chabwino. Komabe mayi wamasiye amene watumiza K20 pa Airtel Money atagulitsa tomato tsiku lonse amaona dzina lake pansi pa onse. Msungichuma angathe kulemba pagulu chiwerengero cha ndalama zonse zimene zasonkhedwa, ndipo kope la maina akalipereke m'manja mwa abanja tikabwerako ku Chingwere kapena ku Leopards Hill.