Kuweruza Buku la Nthano ya Cinsinsi

Inu aphunzitsi ndi inu ana a sukulu, lero tikambirana za mmene wowerenga angaperekere maganizo ake pa buku limene wawerenga. Kawiri-kawiri mwana akafunsidwa za buku amangoyankha kuti, "Ndi labwino," kapena, "Ndi loipa." Yankho lotere lifanana ndi la munthu amene afika pa bwalo la milandu nanena kuti, "Wakuba ndi uyu," koma osaonetsa umboni. Akulu a bwalo sangamumvere. Momwemonso maganizo opanda cifukwa sathandiza mnzanu amene afuna kudziwa ngati bukulo ndi loyenera kuliwerenga.

Mabuku abwino ophunzirirapo luso limeneli ndi a nthano za cinsinsi. M'nthano yotere cinthu cimasowa, kapena munthu amalakwiridwa, ndipo wofufuza milandu amalondola zizindikiro mpaka atapeza coonadi. Mabuku ambiri otere amabwera mu mndandanda: wofufuza ndi mmodzi yemweyo, koma buku lililonse lili ndi milandu yake. Agogo anu akumbukira mmene anthu ankasonkhanira pa wailesi kudzamvera nthano za Julius Chongo pa Poceza m'Madzulo. Mau a wokamba anali kuwadziwa kale, koma nkhani inali yatsopano. Mndandanda wa mabuku umakoka owerenga mwa njira yomweyo.

Titenge citsanzo ca ku Botswana, dziko limene tikumana nalo pa Kazungula. M'caka ca 1998 munatuluka buku lochedwa The No. 1 Ladies' Detective Agency. Mlembi wake, Alexander McCall Smith, anabadwira ku Bulawayo mu 1948, ndipo anaphunzitsa za malamulo ku Edinburgh ndi ku Botswana. Bukuli likamba za Mma Ramotswe, ndiko kuti Amai Ramotswe, amene anagulitsa ng'ombe zimene atate awo anawasiyira natsegula ofesi yofufuza milandu mu mzinda wa Gaborone. Kucokera pa buku loyambalo mabuku a mndandanda umenewu apitirira 20.

Pofuna kuweruza limodzi la mabuku otere, dzifunseni mafunso atatu.

Funso loyamba ndi ili: kodi mlembi wacita nanu cilungamo? Mlembi wabwino amaika zizindikiro poyera, kotero kuti pofika kumapeto mumati, "Ndikanadekha ndikanadziwa." Mlembi waulesi amabisa zonse, kenaka atulutsa wolakwa amene simunamumvepo. M'buku loyamba lija mai wina, Happy Bapetsi, adandaula kuti mwamuna wina wafika pakhomo pake nanena kuti ndiye atate ake amene anasowa kalekale, ndipo angokhala ndi kudya. Amai Ramotswe abvala zobvala za namwino, nauza mwamunayo kuti mwana wake wacita ngozi, ndipo afunika magazi ambiri a kholo lake. Mwamunayo acita mantha naulula kuti si atate ake. Apa mlembi sanakunamizeni, pakuti ulesi ndi dyera la munthuyo anali atakuonetsani kale. Taulula mlandu umodzi waung'ono cabe. Ina yonse mukadziwerengere nokha.

Funso laciwiri likhudza mndandanda wonse: kodi buku ili labweretsa ciyani catsopano? Wowerenga akatsegula buku lacisanu kapena lakhumi amayembekeza kukumana ndi anthu amene awadziwa: Mma Makutsi, amene saiwala kuti anapeza 97 pa 100 ku sukulu ya ukalaliki, ndi Bambo J.L.B. Matekoni, makanika wa magalimoto. Kuwapezanso kumakondweretsa monga kufika kwa acibale. Koma ngati anthuwa abwereza nthabwala zomwezo, ndipo palibe cimene casintha pa moyo wao, muli ndi ufulu wonena kuti mlembi watopa. Cofunika ndi kuchula malo m'bukumo pamene mwaona kubwerezako. Muuzenso mnzanu ngati angalimve bukulo asanawerenge oyamba aja.

Funso lacitatu ndi lakuti: kodi anthu a m'nthanoyi acita monga anthu eni-eni? Apa gwiritsani nchito zimene mudziwa. Kaya mukhala ku Avondale, ku Chelstone kapena ku Kabwata, mudziwa kuti mlendo wocokera kumudzi sapitikitsidwa, maka-maka akakhala wamkulu. Ndico cifukwa cake bvuto la Happy Bapetsi limveka loona kwa ife. Komabe owerenga sagwirizana pa zonse. Ena amati mabukuwa ayenda pang'ono-pang'ono, milandu yake ndi yaing'ono, ndipo aonetsa moyo wa mu Africa wokoma kuposa mmene uliri. Ena amati kufatsa komweko ndiko kukoma kwake, popeza wofufuzayo apambana ndi nzeru ndi kumvetsera, osati ndi mfuti. Onse awiri angakhale ndi maganizo oyenera, malinga aonetse tsamba limene aimapo.

Kwa inu ana, mlembi yemweyu analemba kabuku kochedwa Precious and the Monkeys, konena za Amai Ramotswe ali mwana wa sukulu. Zakudya za ana zisowa, ndipo onse aloza mnyamata wina, Poloko, cifukwa akonda zotsekemera. Palibe amene anamuona akuba, koma anzake ayamba kumusala. Precious akana kuweruza asanapeze umboni. Ganizirani mmene mwana amamvera m'kalasi mwanu akanamiziridwa kuti waba pensulo. Luso lofunsa kuti, "Umboni uli kuti?" limateteza buku ku maganizo opanda pake, ndipo limatetezanso mnzanu ku bodza. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Inu aphunzitsi, yesani izi. Werengerani ana nthano ya cinsinsi, koma muime musanafike kumapeto. Mwana aliyense alembe dzina la amene amuganizira, ndi zizindikiro ziwiri zocirikiza ganizo lake. Mukatsiriza nthanoyo, musayamike okhawo amene analasa. Yamikaninso amene anaphonya koma anapereka zifukwa zomveka. Pambuyo pake aliyense alembe ziganizo zisanu: dzina la buku ndi mlembi wake, bvuto la m'nthanoyo, cimene anakonda ndi cifukwa cake, cimene sanakonde ndi cifukwa cake, ndi munthu amene angamulangize kuliwerenga. Muwakumbutse lamulo limodzi: wopereka maganizo pa nthano ya cinsinsi saulula mapeto, pakuti kutero ndiko kumulanda mnzake cimwemwe cofufuza yekha.

Mwana akatsutsana ndi inu pa buku, musamudzudzule. Mufunseni kuti akuonetseni tsamba. Akalionetsa, dziwani kuti phunziro lalowa.