Ayambe Wakhala ndi Moyo: Momwe a ku Govan Akulimbanirana ndi Mowa ndi Mankhwala Ozunguza Bongo

Aliyense amene anakwerapo Ilala kuchoka ku Monkey Bay kupita ku Likoma kapena ku Nkhata Bay anapondapo chitsulo cha mumtsinje wa Clyde. Sitimayi inakhomedwa mu 1949 ndi kampani ya Yarrow ku Scotstoun, mumzinda wa Glasgow, ndipo inabwera kuno zidutswazidutswa n'kudzalumikizidwa kunyanja, kumene inayamba kuyenda mu 1951. Munthu akaima pa Scotstoun n'kuponya maso kutsidya la mtsinjewo, chakum'mawa pang'ono, dera limene akuliona ndi Govan.

Kale dzina la Govan linkamveka kulikonse kumene sitima za pamadzi zinkafika. Linali tauni yodziyimira payokha mpaka mu 1912 pamene inalowetsedwa mu Glasgow, ndipo amuna zikwizikwi ankalawirira m'mamawa kupita ku Fairfield ndi kumadoko ena okhomera sitima. Sir Alex Ferguson, amene okonda mpira kuno amamudziwa bwino, anabadwira komweko mu 1941, ndipo bambo ake ankagwira ntchito m'madoko amenewa. Mu 1971, boma litakana kupulumutsa makampani okhoma sitima a mu Clyde, antchito anakana kuchoka ndipo anapitiriza ntchito okha. Mtsogoleri wawo Jimmy Reid, mwana wa ku Govan, anawauza kuti pa nthawi yonseyo pasapezeke womwa mowa chifukwa dziko lonse likuwayang'ana. Mawu amenewa akutiuza zinthu ziwiri. Mowa unalipo kale pakati pa anthuwa. Koma analinso ndi chifukwa chouikira pansi.

Chifukwa chimenecho chinatha pang'onopang'ono. Madoko anatsekedwa limodzilimodzi, ndipo lero ku Govan kwatsala limodzi lalikulu, la BAE Systems, lokhoma sitima za nkhondo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ulova utafika pachimake, heroin analowa m'makwalala a Glasgow ndipo anapeza anyamata ambiri opanda kolawirira. Ambiri mwa amene akumwalira ndi mankhwala ozunguza bongo lero ndi a zaka zapakati pa 35 ndi 54: anthu amene anakulira m'nthawi imeneyo ndi itangotha, matupi awo atatopa.

Dziko la Scotland lili ndi anthu pafupifupi 5.5 miliyoni, ochepa kwambiri poyerekeza ndi Malawi. Komabe mu 2020 anthu 1,339 anafa ndi mankhwala ozunguza bongo, chiwerengero chachikulu kuposa chaka china chilichonse. Mu 2023 anali 1,172, mu 2024 anatsikira pa 1,017, koma dzikoli likadali patsogolo pa mayiko onse a ku Ulaya pa imfa zotere. Mowa ndiye umapha mwakachetechete: mu 2023 unatenga anthu 1,277, kuposa mankhwala aja. Ndipo imfa imasankha khomo. Mu 2023 munthu wa m'dera losaukitsitsa anali pachiopsezo chofa ndi mankhwalawa kuwirikiza ka 15 kuposa mnzake wa m'dera la opeza bwino.

Mumsewu wa Govan Road muli likulu la Turning Point Scotland, bungwe losachita malonda limene linayamba kudziyimira palokha mu 1999. Ntchito yake yothandiza ogwidwa ndi mankhwala inayamba likadali nthambi ya bungwe la ku England, pamene mu 1994 linatsegula Glasgow Drug Crisis Centre ku Tradeston, kufupi ndi Govan komweko. Chimene chinasiyanitsa malowa ndi zipatala zina n'choti khomo lake silinkatsekedwa, usana ndi usiku. Munthu akafika pakati pa usiku, bala la jekeseni litatukusira, ankalandiridwa. Amene moyo wake unali pangozi ankapatsidwa bedi kwa masabata angapo kuti thupi likhazikike. Lero ntchitoyi inaphatikizidwa ndi yothandiza osowa pogona, ndipo ikulandira a mowa ndi a mankhwala pamodzi.

Pali dongosolo la zinthu limene bungweli limatsata, ndipo kwa ife Amalawi ndi lovuta kulimeza poyamba. Ife tinazolowera kuti chidakwa chiyambe chalapa, chisiye, kenako tichithandize. Iwo amati munthu ayambe wakhala ndi moyo, zosiya zibwera. N'chifukwa chake amapereka majekeseni atsopano kwa amene akudzibayabe. Wina anganene kuti kumeneko n'kulimbikitsa khalidwe loipa, ndipo funso limeneli si lopusa. Koma kuyambira mu 2015 kachilombo ka HIV kanabuka pakati pa odzibaya mankhwala mu Glasgow, makamaka ogona m'misewu, chifukwa chobwerekana majekeseni. Ife amene tinaika abale athu ambirimbiri m'zaka za m'ma 1990 tikudziwa kuti kachilomboka sikadikira kuti munthu asinthe mtima.

Mu 2020 mabungwe a mumzindawu, limodzi ndi Turning Point Scotland, anayambitsa ndondomeko yotchedwa WAND. Munthu akabwera amamutsuka mabala, amakambirana naye za mmene akudzibayira ndi kuopsa kwake, amamuyeza magazi pobaya chala kuti aone ngati ali ndi HIV kapena matenda a chiwindi, ndipo amamupatsa naloxone. Akamaliza zonse zinayi amalandira vocha ya mapaundi 20. Ndalamayo ndi nyambo, ndipo sabisa: imakoka anthu amene sakanapondako kuchipatala.

Naloxone ndi mankhwala ofunika kuwadziwa. Heroin ndi mankhwala a mtundu wake akachuluka m'thupi amachedwetsa kupuma mpaka munthu amangozima ngati nyali yotha mafuta. Naloxone, wobaya kapena wopopera m'mphuno, amachotsa mphamvu imeneyo kwa kanthawi, munthu n'kuyambanso kupuma mpaka ambulansi ifike. Scotland inayamba kugawa mankhwalawa m'dziko lonse mu 2011, kwa ogwiritsa ntchito mankhwala eni ake, kwa abale awo ndi kwa otuluka m'ndende, ndipo kuyambira mu 2022 apolisi nawo anayamba kupatsidwa kuti aziyenda nawo. Koma naloxone sachita kanthu pa mowa, kapena pa mapiritsi ogonetsa a m'misewu amene anthu kumeneko amawatchula kuti valium, amene amagulidwa motchipa ndipo amapezeka m'matupi a ambiri omwalira.

Wopulumuka lero ndiye ali pangozi yaikulu mawa. Pozindikira zimenezi, mu 2019 Turning Point Scotland inakhazikitsa gulu lotchedwa Glasgow Overdose Response Team. Munthu akatsala pang'ono kufa n'kupulumutsidwa, gululi silinkadikira kuti abwere yekha ndi kalata ya kuchipatala. Linkamulondola kumene ali, kaya m'nyumba yogona osowa pokhala, kaya m'khonde la sitolo, tsiku lomwelo kapena lotsatira, usiku ndi kumapeto kwa sabata komwe, nthawi imene maofesi ambiri amakhala otseka. Kenako linkamuperekeza kumene angayambe kulandira methadone kapena buprenorphine, mankhwala amene amaletsa chibaba ndipo amachepetsa kwambiri imfa.

Za mowa pali chinthu chimene banja lililonse kuno liyenera kumva. Munthu amene wamwa kwambiri tsiku ndi tsiku kwa zaka, akasiya mwadzidzidzi akhoza kunjenjemera, kuona zinthu zomwe palibe, kugwa ngati wakhunyu, ngakhale kufa kumene. Pamakomo pathu zimachitika kuti achibale, mwa chikondi chenicheni, amamutsekera m'chipinda kuti kachasu amuchoke, ndipo akayamba kubwebweta timati amulodza. Ku Glasgow munthu wotere amasiyitsidwa moyang'aniridwa ndi anamwino, akupatsidwa mankhwala ochepetsa kunjenjemera ndi vitamini B1 woteteza ubongo. Kuno thandizo lotere limapezeka ku Zomba Mental Hospital ndi ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, malo ochepa kwambiri pa dziko lonse.

Koma ndondomeko imene yandigwira mtima kwambiri si ya mankhwala ayi. Ndi ya nyumba. Mu 2010 Turning Point Scotland inayesa mu Glasgow njira yotchedwa Housing First, imene Sam Tsemberis anaiyamba ku New York mu 1992, ndipo aka kanali koyamba kuyesedwa mu United Kingdom. Kale wosowa pogona ankayenera kukwera makwerero: ayambe wasiya mankhwala, akhale bwino m'nyumba ya gulu, asonyeze kuti wasintha, ndiye apatsidwe nyumba. Ambiri ankagwera pa sitepe yoyamba, pakuti ndani angasiye heroin akugona pa katoni m'chisanu cha ku Scotland, atazingidwa ndi anzake onse omwa nawo? Bungweli linatembenuza makwererowo. Anthu 22 amene ankagwiritsabe ntchito mankhwala anapatsidwa makiyi a nyumba zawozawo, popanda lamulo loti ayambe asiya. Ankayenderedwa kawirikawiri, ndipo ena mwa owayenderawo anali anthu amene anadutsamo okha m'moyo umenewu, odziwa bodza lililonse limene chibaba chimanamiza munthu. Ofufuza a ku Heriot-Watt University anapeza kuti ambiri anasunga nyumba zawo. Si onse anasiya mankhwala, ena anangochepetsa. Lero njirayi ndi mbali ya ndondomeko ya boma la Scotland yothetsa kusowa pokhala.

Kwa ife nkhani ya nyumba ili ndi nkhope ina. Chidakwa cha kumudzi sichisowa denga kawirikawiri. Chimene chimasowa ndi malo pabwalo. Pamaliro sachipatsa khasu, pamilandu sachifunsa maganizo, ana amachitchula dzina lachipongwe. Chimakhala pakati pa abale koma chili kunja. Bungwe la ku Govan Road linatengera kwa Michael Rowe wa ku Yale University ganizo lakuti kuchira n'kubwerera kukhala nzika: munthu akhale ndi ufulu wake, udindo wake, ntchito imene anzake akumudalira nayo, zomuyenereza pa moyo, ndi anthu omutcha mnzawo.

Mkati mwa Govan mwenimweni muli mabungwe awiri aang'ono amene amachita zimenezi ndi manja. GalGael Trust inayambitsidwa mu 1997 ndi Colin Macleod, wosema mitengo amene anatchuka pokhala pamwamba pa mtengo masiku angapo pokana kuti msewu wa M77 udutse m'nkhalango ya Pollok. Iye anamwalira mu 2005 ali ndi zaka 39, koma shedi yake ya mu Fairley Street ikugwirabe ntchito. Si chipatala, ndipo salemba munthu ngati wodwala. Amene wabwera, kaya wachokera kundende, kaya akulimbana ndi botolo, kaya ulova wamufoola, amapatsidwa thabwa, tchizulo ndi benchi yake. Amayamba ndi kabokosi, kenako amathandiza kukhoma mabwato a matabwa a mtundu wa makolo awo a kuzilumba za kumadzulo, n'kukawapalasa pa Clyde. Amadyera pamodzi. Mdzukulu wa mmisiri wa ku Fairfield amagwira chipangizo chimene agogo ake ankachidziwa, ndipo madzulo amakhala ndi chinthu choloza kuti ichi ndapanga ndine.

Ku Linthouse, mbali ina ya Govan, kuli Preshal Trust, imene May Nicholson anaiyambitsa mu 2002. Mayiyu anakulira ku Ferguslie Park m'tauni ya Paisley, anamira mu mowa ali mtsikana, ndipo anasiya atatembenuka mtima n'kukhala Mkhristu. Dzina la bungweli likuchokera ku mawu a Chigaeliki otanthauza chinthu cha mtengo wapatali. Kumeneko kuli tiyi, chakudya, zosokasoka, nyimbo ndi mapemphero, ndipo Sir Alex Ferguson ndi mmodzi mwa akuluakulu amene analola kuti dzina lawo liime kumbuyo kwa bungweli. Mipingo yathu, imene ili m'mudzi uliwonse kumene chipatala sichinafike, ingaphunzirepo kanthu: May Nicholson sankadikira kuti munthu asiye kununkha mowa asanamukhazike patebulo.

Boma la Scotland nalo lachitapo zake. Mu May 2018 linaika mtengo wotsikitsitsa wogulitsira mowa, mapeni 50 pa muyezo umodzi, ndipo mu September 2024 linaukweza kufika pa 65. Cholinga chake n'chofanana ndi chimene boma la Malawi linali nacho poletsa masacheti, ndi la Zambia poletsa tujilijili mu 2012: mowa waukali usakhale wotchipa ngati switi. Mu January 2021 Nicola Sturgeon, mtsogoleri wa bomalo pa nthawiyo amenenso anayimirapo Govan m'nyumba ya malamulo, analonjeza mapaundi 250 miliyoni pa zaka zisanu zolimbanirana ndi imfa za mankhwala ozunguza bongo. Ndipo pa 13 January 2025, kum'mawa kwa mzinda, kunatsegulidwa The Thistle, chipinda choyamba mu United Kingdom chimene munthu amadzibayira mankhwala ake anamwino ali pomwepo kuti amudzutse akakomoka. Anthu a kumeneko sanagwirizanebe za chipindachi, ndipo ena akufunsa chifukwa chake mabedi osiyitsira anthu mankhwala sakukwanira.

Pakati pa malonjezo onsewa, Turning Point Scotland inataya imodzi mwa ntchito zake zabwino koposa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 amayi angapo anadzipha m'ndende ya Cornton Vale, ndipo boma litafufuza linaona kuti ambiri otsekeredwa kumeneko anali ozunzidwa, odwala maganizo ndi ogwidwa ndi mankhwala, amene milandu yawo inali yaing'ono ngati kuba m'sitolo. Poyankha, mu 2003 kunatsegulidwa malo otchedwa 218, pa nambala imeneyo mu Bath Street. Khoti linkatha kutumiza mayi kumeneko m'malo mwa ndende, n'kukapeza bedi, namwino ndi womumvera. Kwa zaka 20 malowa ankatchulidwa ngati chitsanzo m'dziko lonse. Chakumapeto kwa 2023 akuluakulu a zaumoyo a mzinda wa Glasgow anadula kwambiri ndalama za ntchitoyi, ndipo bungweli linati silingaiyendetse bwino ndi zotsalazo. Antchito ndi bungwe lawo la Unite anadandaula, amayi amene anachirira kumeneko analankhula poyera, koma mu February 2024 khomo la 218 linatsekedwa.