Cikombole Coumbira Makompyuta

KAFUE — Mitambo ikayamba kuunjikana pamwamba pa mapiri, alimi a ku Chanyanya, ku Chiawa ndi midzi ina ya m'boma lino amakhala ndi nkhawa imodzi, kuti feteleza ndi mbeu zifike m'manja mwao mvula yobzalira isanapite. Kale dzina la mlimi linkalembedwa m'buku la mlangizi. Kuyambira mu 2017 maina a olandira thandizo la Boma la FISP amasungidwa m'kaundula wa pa kompyuta wochedwa ZIAMIS, ndipo alimi amenewa ndi oposa miliyoni imodzi. Onsewo amagogoda pa khomo limodzi m'masabata omwewo. Kompyuta iriyonse yotumikira khamu lotere ikalemedwa, kalaliki alibe mau ena koma akuti bwerani mawa, ndipo mlimi wataya ndalama ya basi pamodzi ndi tsiku lathunthu la kumunda.

Kompyuta imene imayankha kalaliki siikhala pa tebulo pake. Imakhala kutali, m'nyumba zozizira zosungiramo makompyuta akuluakulu ochedwa maseva. Boma liri nazo nyumba zotere, ziwiri mu Lusaka ndi ina ku Kitwe. Zinamangidwa ndi kampani ya ku China ya Huawei, ndipo amazisamala ndi a INFRATEL, kampani ya Boma. Lamulo la mu 2021 loteteza mbiri za anthu likuti, kupatula pa zifukwa zina, mbiri zotere zisungidwe m'makina a m'dziko muno. Cotero nchito yosamala maseva siingatumizidwe yonse kutsidya kwa nyanja.

Codabwitsa ncakuti makompyuta ambiri ogwira nchito m'nyumba zotere alibe thupi. M'Cingelezi amachedwa virtual machine, ndipo awerengi asafulumire kuganiza za ufiti. Mwini nyumba ku Zambia Compound kapena ku Shikoswe amagawa nyumba yaikulu m'zipinda nalowetsamo mabanja anai ocita lendi, lirilonse ndi khomo lake, loko wake ndi mbaula yake, ngakhale denga ndi limodzi. Momwemonso pulogalamu ina imagawa mphamvu za seva imodzi, ndipo cigawo ciriconse cimagwira nchito ngati kompyuta yathunthu payokha. Cimodzi cikasokonezeka, zinzake zimapitiriza nchito osadziwa kanthu. Nzeru imeneyi si ya dzulo. Kampani ya IBM inatulutsa pulogalamu yotere yochedwa VM/370 mu 1972, pa nthawi imene makina oyamba a magetsi ku Kafue Gorge anali atangoyamba kuzungulira.

Kugawa cipinda sikucedwa. Cimene cimadya nthawi ndiko kucikonza kuti cigwire nchito: kuikamo mapulogalamu, kutseka makomo amene mbala zingalowerepo, kulemba maina a ololedwa kulowa, ndi kucilumikiza ku nkhokwe ya maina. Katswiri wocita zonsezi ndi manja amatsata masitepe ambirimbiri, ndipo pofika pa kompyuta yakhumi maso alema, waiwala cimodzi.

Ciopsezo ca kuiwala cimodzi cinaoneka ku America pa 1 Ogasiti 2012. Kampani yogulitsa masheya ya Knight Capital inaika pulogalamu yatsopano pa maseva ake asanu ndi atatu, koma wogwira nchitoyo anadumpha imodzi. Seva yoiwalidwayo inayamba kugula ndi kugulitsa mosokonekera, ndipo m'mphindi 45 zokha kampaniyo inataya madola okwana 440 miliyoni. Siinaimenso payokha.

Mankhwala a bvuto limeneli ndi cimene akatswiri amacicha script, ndiko kuti ndandanda ya malangizo yolembedwa kamodzi, imene kompyuta imawerenga ndi kutsata yokha. Aliyense amene anaumbapo njerwa adzamva msanga. Woumba sayesa njerwa iriyonse ndi cingwe. Amakonza cikombole cimodzi mosamala, ndipo njerwa cikwi zimatuluka zofanana. M'ndandandamo mumalembedwa zinthu zomveka bwino, monga izi: panga kompyuta ya mapurosesa awiri ndi malo okumbukira a 4 GB, uikemo Linux, utseke makomo onse kusiyapo awiri, uikemo pulogalamu ya kaundula, ndipo ukamaliza uyese ngati ikuyankha. Katswiri akalamula kamodzi, nchito imene ikanamtengera tsiku imatha madzi a tiyi asanawire kawiri. Akafuna makompyuta makumi awiri m'malo mwa imodzi, amangosintha nambala. Zipangizo zodziwika pa nchitoyi ndi monga Ansible, imene Michael DeHaan anayamba mu 2012, ndi Terraform, imene kampani ya HashiCorp inatulutsa mu 2014.

Apa mpamene nkhaniyi imakhudza mlimi. Ofesi imene makompyuta ake amaumbidwa ndi script ingathe kuonjezera zipinda m'masabata a cipwirikiti, ndi kuzifafaniza khamu likacepa, kuti mphamvuzo zithandize nchito zina, monga zotsatira za mayeso a ana a sukulu kapena malipiro a kutha kwa mwezi. Kugula maseva acitsulo okwanira sabata lotanganidwa, nkumangowasunga miyezi khumi alibe nchito, nkuononga ndalama za msonkho.

Cina ndi tsoka. Cilala ca mu 2024 cinacepetsa madzi ku Kariba ndi pa mtsinje wa Kafue, ndipo makomo ambiri anakhala mumdima maola ambiri pa tsiku. Nyumba za maseva ziri ndi mabatire ndi majenereta, komabe moto, madzi kapena mbala za pa intaneti zingaononge zonse usiku umodzi. Pamene pali script, makompyuta otayika mu Lusaka angaumbidwenso ku Kitwe mofanana ndendende. Koma pano pali posokoneza ambiri. Script imamanganso nyumba yokha, siibweza katundu amene anali m'katimo. Maina a alimi ndi ndalama zimene analipira ziyenera kukoperedwa ndi kusungidwa kwina tsiku ndi tsiku. Ofesi yonyalanyaza zimenezi idzakhala ndi makompyuta atsopano okongola opanda dzina ngakhale limodzi.

Cikombole cikakhota, njerwa zonse zimakhota, ndipo liwiro lomwe lija limasanduka mdani. Pa 28 Febuluwale 2017 wanchito wa kampani ya Amazon analakwitsa polemba lamulo locotsa maseva ocepa, lamulolo nkucotsa ambiri, ndipo malo oculuka a pa intaneti anasokonezeka kwa maola pafupifupi anai. Pambuyo pake kampaniyo inasintha cipangizoco kuti cizicotsa maseva pang'onopang'ono ndi kukana lamulo lopitirira malire. Ndico cifukwa cake akatswiri osamala sathamangira kugwiritsa script yatsopano pa makina enieni. Mnzao amayamba waiwerenga, kenaka imayesedwa pa makompyuta oyeserera, ndipo kusintha kulikonse kumalembedwa pamodzi ndi dzina la wosinthayo ndi tsiku lake. Mau acinsinsi olowera salembedwa m'menemo, pakuti kutero kuli ngati kusiya kiyi pa citseko.

Funso lalikulu kopambana nlakuti cikombole cikhala m'manja mwa yani. Anthu a ku Kafue amaidziwa bwino nkhani ya makina obwera ndi eni ake. Damu la ku Kafue Gorge linamangidwa ndi kampani ya Energoprojekt ya ku Yugoslavia, ndipo fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals, imene inayamba nchito mu 1970, inamangidwa ndi a Kobe Steel a ku Japan. Panapita zaka kuti ana a dziko lino aphunzire kuyendetsa ndi kukonza makina otere okha. Pa makompyuta ngozi yake njobisika kwambiri, cifukwa nzeru yonse ingakhale m'mutu mwa munthu mmodzi, ndipo tsiku limene wasiya nchito kapena wabwerera kwao, otsala amaopa ngakhale kukhudza makinawo. Script imatulutsa nzeruyo m'mutu ndi kuiika poyera, pamene wina angaiwerenge, kuifunsa ndi kuikonza. Ofesi iriyonse, ya Boma kapena ya kampani, imene ilipira kontilakita kuti aikhazikitsire makompyuta, iyenera kulemba m'pangano kuti malangizo onse atsale m'manja mwake, ndipo anchito ake ayese kuumbanso makinawo okha kontilakitayo asanalandire ndalama yomaliza. Kulandira njerwa popanda cikombole ndiko kudzabwereranso kwa woumba yemweyo caka ndi caka, pa mtengo umene iye afuna.

Makolo ena adzadandaula kuti ngati kompyuta ikudzikonza yokha, ana ao ophunzira pa yunivesite ya Zambia mu Lusaka kapena ya Copperbelt ku Kitwe adzagwira ciani. Nkhawayo iri ndi maziko, pakuti nchito yongodina mabatani tsiku lonse ikucepadi. Koma script siidzilemba bwino yokha, ndipo wina ayenera kudziwa cimene mzere uliwonse ukucita. Luso limeneli silifuna nyumba yozizira kuti munthu aliphunzire. Mnyamata kapena mtsikana wa ku Kafue Estates amene ali ndi laputopu yakale ya 8 GB angaikemo VirtualBox ndi Vagrant, mapulogalamu amene wophunzira amatenga osalipira, naumba makompyuta awiri kapena atatu m'katimo. Angawaononge dala, kuwafafaniza, ndi kuwaumbanso ndi lamulo limodzi, kawiri kapena katatu madzulo amodzi, batire isanathe.