Bwalo la ndege la Salima silinafe

Anthu akamva kuti ndimayendetsa ndege zing'onozing'ono amakonda kundifunsa ngati bwalo la ndege la Salima, lomwe lili kufupi ndi Senga Bay, likadali ndi ntchito. Amaliyeza ndi la Kamuzu ku Lumbadzi kapena la Chileka, komwe kuli nsanja, mizere ya anthu ndi ndege zobwera pa nthawi yoikika. Akaona zii, amati lafa. Koma pa mapu athu lilipo, dzina lake FWSM, ndipo mabwalo ngati limeneli anamangidwira ndege za mtundu wina: zobwereketsa, za alendo odzaona nyanja, za asilikali, zonyamula odwala.

Pa bwalo laling'ono, nthawi zambiri palibe munthu wotiuza kuti tera. Tikamayandikira timalengeza tokha pa wailesi kuti ndife yani, tili pati, tikufuna kutani, kuti ndege ina iliyonse yomwe ili pafupi imve. Kenaka timadutsa pamwamba pa bwalo tikuyang'ana pansi. Choyamba chimene timafuna kuona ndi windsock, kansalu kooneka ngati thumba kopachikidwa pa mlongoti, kamene kamatiuza komwe mphepo ikuchokera ndi mphamvu yake. Ndege imatera ndi kunyamuka moyang'anizana ndi mphepo, chifukwa mapiko amapeza mpweya wokwanira ndegeyo isanathamange kwambiri pansi. Manambala a kumapeto kwa msewu wa ndege amanena za kampasi: 18 ndiye kuti mwaloza kummwera, 36 kumpoto.

Apa asodzi a ku Senga Bay ndi ife timamvana. Mwera umene umawaletsa kulowa m'madzi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti ndi womwewo umene umatisankhira mbali yoterera. Mpoto wa nthawi ya dzinja umabwera ndi mitambo ya mabingu, ndipo mtambo wotere sitiuboola, timauzungulira kapena kubwerera. Woyendetsa ndege wobwerera chifukwa cha nyengo ndimamulemekeza kwambiri kuposa wokakamira.

Chimene apaulendo amadana nacho ndi sikelo. Amadabwa tikawayeza iwo eni pamodzi ndi zikwama. Chifukwa chake ndi kutentha. Salima ali m'munsi, mamita pafupifupi 500 pamwamba pa mulingo wa nyanja ya mchere, pomwe Lumbadzi ali pamwamba pa mamita 1,200, ndipo kukhala m'munsi n'kwabwino kwa ndege. Koma dzuwa la Okutobala likaswa mtengo, mpweya umapepuka, injini imachepa mphamvu, mapiko amachedwa kunyamula, ndipo ndege imafuna mtunda wautali kuti idzuke. Ndege ya mtundu wa Cessna 206 ili ndi mipando 6, komabe masana otentha sikuti mipando yonseyo ingadzaze pamodzi ndi katundu ndi mafuta. Mafutawonso ali ndi kulemera kwake, ndipo popeza mabwalo ang'onoang'ono ambiri sagulitsa mafuta a ndege otchedwa avgas, timanyamuliratu obwerera. N'chifukwa chake timakonda kunyamuka m'mamawa.

Chondidetsa nkhawa chenicheni chili pansi. Udzu ukatalika umabisa chulu ndi maenje. Mbuzi imodzi ikhoza kuthyola mwendo wa ndege. Munthu wodutsa pa njinga samva ndege yomwe ikutera, chifukwa injini imakhala itatsitsidwa, ndipo ife sitingaime pomwepo monga galimoto. Zinyalala zotayidwa pafupi zimaitana mbalame, mitengo ndi nyumba zomangidwa kumapeto kwa msewu wa ndege zimadya njira yathu yotsikira. Anthu ochita izi sachitira dala. Palibe amene anawafotokozera.

Bwaloli ndi la boma, koma amene angalisunge tsiku ndi tsiku ndi mafumu, khonsolo ndi anthu ozungulira. Kuchokera ku Salima kupita ku Lilongwe pa msewu wa M14 ndi makilomita pafupifupi 100 okwera mapiri. Pa ndege yaing'ono sipatha mphindi 30 kufika ku Lumbadzi. Munthu wovulala kwambiri pa ngozi, kapena mudzi womwe madzi osefukira audulira msewu, amafunika kupeza udzu wa pa bwalolo utatchetchedwa kale.