Za Kabowo ka Pamimba ndi Pulasitala Wake

Alipo ana obadwa ndi msana wotseguka amene satha kutaya madzi monga anzawo. M'chaka cha 1980 dotolo wa ku France, Paul Mitrofanoff, anaonetsa njira: kachidutswa ka matumbo kasanduka mpita wochokera m'chikhodzodzo kufikira pamimba, ndipo mwana alowetsamo kachubu pakapita maola atatu kapena anayi. Koma kabowoko kafuna kutsekeka monga bala lililonse. Chifukwa chake ena aikamo kotsekera kofewa, kogwidwa ndi pulasitala wotukulika mbali imodzi, kuti kachubu kapite osamatula yense.

Tsono tipempha amayi: sambani m'manja, umitsani khungu musanamate, pomatula musakoke mwaukali. Kachubu kakakana kulowa, musakakamize. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, pakuti mkodzo wotsekeredwa uwononga impso.