Hita ya Land Rover yakale: moto wake usachokere pa koyilo

June ndi July akafika, amene amayenda usiku njira ya Dedza kapena kukwera ku Nyika pa Land Rover yakale amavutika ndi nthunzi pa galasi lakutsogolo. Magalimoto ambiri a Series II ndi IIA ankatuluka kufakitale opanda hita, chifukwa inali yochita kuwonjezera ndalama. Ambiri tsopano akumasaka hita yozungulira ya Smiths kwa ogulitsa zitsulo zophwasula.

Pogula, ndi bwino kutseka paipi imodzi ndi chala, kuthira madzi mu inayo n'kuuzira mwamphamvu. Ikadontha, mtengo utsike. Kumanga mapaipi sikovuta: madzi otentha amachokera pamutu pa injini n'kubwerera cha ku pampu. Mpweya wotsalira m'kati uchotsedwe, apo ayi hita idzangouzira mphepo yozizira.

Vuto lili pa mawaya. Amakanika ena, pofuna kuweruka msanga, amatenga moto pa waya woyera wa pa koyilo, poti uli pafupi ndipo umazima kiyi akatseka. Ndi ulesi wodula. Pa magalimoto a ku Britain a mawaya a Lucas, waya woyerawu sudutsa pa fyuzi. Mota ya hita ikagwira, kapena waya ukakhudza chitsulo, palibe choduka. Mtolo wonse wa mawaya kuseri kwa dashibodi umasungunuka, mwinanso galimoto n'kupsa. Ngakhale zisafike pamenepo, pa waya wokalamba mota imalanda mphamvu ya koyilo, mapulagi n'kumathetheka mofooka, mwini n'kumagula mapointi ndi kondensa atsopano pachabe.

Mitundu ya mawayawa ili ndi tanthauzo. Wabulauni uli ndi moto nthawi zonse kuchokera ku batire, wakuda ndi wa earth, ndipo wobiriwira umayaka ndi kiyi koma wadutsa kale pa fyuzi. Hita itenge moto pa wobiriwira, ikhalenso ndi kafyuzi kakekake. Komabe galimoto yoti yadutsa m'manja mwa anthu ambiri mitundu siyodalirika. Kababu koyezera moto ndiko kanganene zoona. Batire lichotsedwe kaye asanadule waya uliwonse.

Fyuzi nayo imapusitsa. Yagalasi ya Lucas yolembedwa 35 imanyamula pafupifupi ma amp 17 okha mosalekeza. 35 ndi pamene imadukira. Kuikapo yamakono ya 35 n'kusiya mawaya opanda chitetezo.

Land Rover zopangidwa isanafike 1967 zinali za positive earth, kutanthauza kuti mbali ya pulasi ya batire ndiyo imamangidwa ku thupi la galimoto, ngakhale zambiri zidasinthidwa. Mota yamakono ya maginito ikalumikizidwa mosemphana imazungulira chobwerera, mphepo n'kumatuluka yochepa. Wogula ayang'ane kaye batire lake asanatulutse ndalama.